Kaseweredwe ka Powerball ku America, kuyambira pogula tikiti mpaka pokalandira ndalama

Jakipoti, mphoto yaikulu ya lotale ya Powerball, ikangoyandikira madola 1 biliyoni, foni yanga siipuma. Akumudzi amalemba pa WhatsApp kuti, "Achimwene, tamva nkhani, tigulireniko kamodzi tidzagawana." Anzathu amene angofika kumene kuno ku Indiana nawo amandikoka pambali kuntchito kufunsa kuti timapepala tija timakhala pafupi ndi kauntala m'sitolo timachongedwa bwanji. Kuyankha mmodzimmodzi kwanditopetsa, ndiye ndalemba zonse pamodzi.

Ndinene poyambirira kuti mankhwala okokera mwayi kulibe. Munthu wokugulitsani manambala, kaya ndi sing'anga kaya ndi kamnyamata ka pa Facebook konena kuti kanatulukira chinsinsi, akungokudyerani ndalama. Chimene mungaphunzire ndi malamulo. Pali anthu amene manambala anawayendera bwinobwino koma n'kulira pambuyo pake, tikiti itasowa, itatha nthawi, kapena anzawo atawakokera kukhoti. Malangizowa ndi oti zimenezo zisakuchitikireni. Komanso musasokoneze ndi lotale ya DV ija yofunira green card. Imeneyo ndi nkhani ina, ya ziphaso zolowera m'dziko.

Choyamba: dziwani mwini masewerawa

Ku America kulibe lotale ya dziko lonse yoyendetsedwa ndi boma la ku Washington. Steti iliyonse ili ndi boma lake, ndipo ndi boma limenelo limene limasankha kukhala ndi lotale kapena ayi. New Hampshire ndi imene inayamba m'nthawi yathu ino, mu 1964. Kuno ku Indiana yathu imatchedwa Hoosier Lottery ndipo inayamba mu 1989. Ku Alabama, Alaska, Hawaii, Nevada ndi Utah kulibe. Inde, ngakhale ku Nevada, kwawo kwa Las Vegas ndi makasino ake, tikiti ya lotale simungaipeze.

Powerball, imene inayamba mu 1992, ndi masewera amene malotale a masteti 45 pamodzi ndi Washington DC, Puerto Rico ndi US Virgin Islands amasonkherana. Manambala amatuluka amodzimodzi kwa onse, jakipoti ndi imodzi, koma tikiti yanu ndi ya steti imene munaigulako. Mukagula ku Michigan pochokera kukaona abale, ndalama mukalandirira ku Michigan komweko, motsatira malamulo a kumeneko. Zaka zovomerezeka nazo zimasiyana: m'masteti ambiri ndi 18, ku Nebraska ndi 19, pamene ku Arizona, Iowa, Louisiana ndi Mississippi ndi 21. Simufunika kukhala nzika kuti mugule. Mlendo wobwera kudzacheza akhoza kugula, ndipo akawina amalandira.

Chachiwiri: dulani ndalama musanatuluke m'nyumba

Tikiti imodzi ndi madola 2. Mayere amachitika katatu pamlungu, ndiye munthu wogula imodzi nthawi iliyonse amagula matikiti 156 pachaka, omwe ndi madola 312. Tembenuzani ndalama imeneyo mu makwacha muone kuti kumudzi ingagule matumba angati a feteleza, kenako sankhani ndi maso otsegula.

Pa ndalama zonse zogulitsa matikiti, pafupifupi theka ndi limene limabwerera kwa osewera ngati mphoto. Zotsalazo zimalipira ogulitsa, zimayendetsa ntchito, ndipo gawo lalikulu limalowa m'thumba la steti. Ku Georgia zimalipirira ophunzira kudzera mu HOPE Scholarship, ku California zimapita kusukulu za boma, ku Pennsylvania zimathandiza okalamba, kuno ku Indiana zina zimapita ku penshoni ya aphunzitsi, apolisi ndi ozimitsa moto. N'zabwino ndithu, koma tanthauzo lake ndi lakuti masewerawa anakonzedwa kuti osewera onse pamodzi aziluza. Ine ndimaitenga ngati ndalama ya botolo la chakumwa: ndikaipereka, yapita. Ya lendi, ya mafuta a galimoto, ya fizi ya ana, yachipereganyu, imeneyo isayandikire. Tengani ndalama yapamanja yokwanira matikiti amene mwatsimikiza kugula, khadi lisiyeni m'chikwama.

Chachitatu: chongani kapepala

Matikiti amagulitsidwa pomwetsera mafuta, m'magolosale ndi m'masitolo akuluakulu, kwina pa kauntala kwina pa makina oima okha. Kapepala kochongapo n'kaulere. Kali ndi mabokosi angapo, ndipo bokosi lililonse ndi sewero limodzi la madola 2.

M'bokosimo muli zigawo ziwiri. Chapamwamba muli manambala kuyambira 1 mpaka 69, ndipo mumachongapo asanu. Amenewa ndi a timipira toyera. M'munsi muli manambala 1 mpaka 26, mumachongapo imodzi yokha. Imeneyi ndi ya kampira kofiira, kamene ndiko Powerball. Timipirati timachokera m'makina awiri osiyana, choncho palibe cholakwika kusankha 12 kumtunda ndi 12 yemweyo kumunsi. Manambala asanuwo sayendera ndondomeko. Kaya atuluka chotsogola chiti, bola akhale omwewo. Gwiritsani ntchito bolopeni yakuda kapena yabuluu kapena pensulo, chifukwa makina sawerenga bwino inki yofiira. Mukalakwitsa musafufute, chongani kabokosi kolembedwa VOID n'kuyambiranso m'bokosi lotsatira.

Ngati simukufuna kuvutika, ingouzani wogulitsa kuti "Quick Pick" ndipo kompyuta ikusankhirani. Mwayi wake ndi wofanana ndendende ndi wa manambala amene munalota usiku.

Pali zowonjezera ziwiri zimene wogulitsa angakufunseni. Power Play ndi dola imodzi pamwamba: imachulukitsa mphoto zing'onozing'ono kawiri, katatu, kanayi kapena kasanu, ndipo nthawi zina kakhumi jakipoti ikakhala yosapitirira madola 150 miliyoni. Jakipoti yeniyeniyo siikhudzidwa. Double Play, imene ili m'masteti ena okha, nayo ndi dola imodzi, ndipo imalowetsa manambala anu omwewo m'mayere achiwiri a usiku womwewo. Mukhozanso kulipiriratu mayere angapo a m'tsogolo pa tikiti imodzi.

Tsopano nkhani ya kusankha manambala, pamene pagona bodza lambiri. Njira zosankhira manambala asanu mwa 69 zilipo 11,238,513. Muchulukitse ndi 26 za kampira kofiira, mupeza 292,201,338. Mwayi wanu wa jakipoti ndi umodzi mwa zimenezo. Mutati muziwerenga nambala imodzi pa sekondi, osagona, osadya, mungathe zaka zoposa 9 musanamalize. Mukagula matikiti 10 a manambala osiyana, mwayi umakweradi kakhumi, koma ndi umodzi pa 29 miliyoni basi, ndipo madola 20 apita. Timipira tilibe nzeru zokumbukira. Nambala imene yatha miyezi isanatuluke sikuti yatsala pang'ono, ndipo imene inatuluka Loweruka ikhoza kutulukanso Lolemba.

Nzeru imodzi yokha ndi imene ndimaivomereza, ndipo siwonjezera mwayi wowina, imangochepetsa ogawana nawo. Jakipoti ikagwera matikiti angapo amaigawa mofanana. Mu Januwale 2016 madola 1.586 biliyoni anagawidwa patatu, ku California, Florida ndi Tennessee. Anthu ambiri amachonga masiku obadwa, ndipo mwezi sudutsa masiku 31. Manambala 38, kuyambira 32 mpaka 69, amakhala ndi owakonda ochepa. Ngati mukusankha nokha, sakanizani ndi akuluakuluwo, ndipo pewani zokongola m'maso monga 1, 2, 3, 4, 5 kapena mzere wowongoka pa kapepala. Kuti anthu amaunjikanadi pa manambala amodzi zinaoneka pa 30 Malichi 2005, pamene matikiti 110 anapeza manambala asanu oyera usiku umodzi. Akuluakulu a lotale anayamba kukayikira chinyengo. Atafufuza anapeza kuti anthuwo anakopera manambala pa timapepala ta m'timabisiketi tija amapereka mukatha kudya m'malesitilanti achitchaina, ndipo fakitale imodzi ya ku New York inali itasindikiza manambala omwewo kambirimbiri. Kampira kofiira kokha ndi kamene kanaphonya: pa timapepalato panali 40, koma panatuluka 42. Kakanati kagwirizane, jakipoti ikanang'ambidwa pa 110.

Chachinayi: tikiti ikatuluka, musachoke pa kauntala

Kapepala kamene munachonga si umboni wa chilichonse, ndipo lisiti ya sitolo nayo si tikiti. Chogwira ntchito ndi tikiti yosindikizidwa ndi makina a lotale. Iwerengeni pomwepo: manambala ndi anu? Tsiku la mayere ndi limene mumafuna? Kugulitsa kumatsekedwa ola limodzi kapena awiri mayere asanachitike, kutengera steti, ndiye wogula mochedwa amapatsidwa tikiti ya mayere otsatira osadziwa. Tikiti ya Powerball ikasindikizidwa kawirikawiri siibwezedwa.

Kenako itembenuzeni. Kumbuyo kuli malo a dzina, adiresi ndi siginecha. Tikiti yosasainidwa ili ngati ndalama ya pepala yogwa pamsewu: woitola ndiye mwini. Sainani, ijambuleni mbali zonse ziwiri pa foni, koma chithunzicho musachiike pa intaneti, chifukwa timizere ndi manambala a pansi pake ndi zimene makina amawerenga. Pepalalo limaopa kutentha ngati la malisiti. Mukalisiya pa dashibodi padzuwa, kapena kulisita m'thumba la malaya, limada bii. Ine ndinachapapo imodzi m'thumba la jinzi. Inatuluka ngati phala, ndipo mpaka lero ndimadzitonthoza kuti munalibe kanthu.

Chachisanu: onani zotsatira, ndipo onani zonse

Mayere amachitikira ku Tallahassee, Florida, Lolemba, Lachitatu ndi Loweruka nthawi ya 10:59 usiku pa wotchi ya kum'mawa kwa America. Zotsatira mumazipeza pa tsamba la Powerball kapena la lotale ya steti yanu, ndipo m'masitolo ambiri muli kamakina kounikira tikiti nokha. Iunikeni nokha musanapatse wogulitsa. Ogulitsa ambiri ndi okhulupirika, koma palibe chifukwa choti munthu wina adziwe zimene zili pa tikiti yanu inu musanadziwe.

Anthu amangoyang'ana jakipoti, akaona kuti yaphonya n'kutaya tikiti. Mphoto zilipo za mitundu 9. Kampira kofiira kokha ndi madola 4, ndipo mwayi wake ndi umodzi pa 38. Kofiira ndi koyera kamodzi ndi madola 4 omwewo. Kofiira ndi toyera tiwiri, kapena toyera titatu popanda kofiira, ndi madola 7. Toyera titatu ndi kofiira, kapena toyera tinayi tokha, ndi madola 100. Toyera tinayi ndi kofiira ndi madola 50,000. Toyera tonse tisanu popanda kofiira ndi madola 1 miliyoni, amene amakhala 2 miliyoni ngati munalipira Power Play. Mwayi wake ndi umodzi pa 11.7 miliyoni. Ku California ndalamazi sizokhazikika, zimatengera matikiti ogulitsidwa ndi kuchuluka kwa owina. Zonse pamodzi, tikiti imodzi mwa 25 imapeza kenakake, koma kenakakeko nthawi zambiri ndi madola 4 aja. Ngati palibe wapeza onse asanu ndi limodzi, jakipoti imakulirakulira. Ikagwa imayambiranso pa madola 20 miliyoni.

Chachisanu ndi chimodzi: mukamasonkherana, lembani

Ife kusonkherana tinakuzolowera, ndipo kuntchito jakipoti ikakula chipewa chimayenda. Palibe vuto. Anthu 20 oponya madola 2 aliyense ali ndi matikiti 20 pa mtengo wa imodzi kwa munthu. Koma ubale wa pa shifiti umatha ndalama zikaoneka. Ku New Jersey mu 2009 munthu wina wogwira ntchito ya zomangamanga, amene ankagulira gulu lake matikiti, anawina madola 38.5 miliyoni pa Mega Millions, masewera ena a lotale ofanana ndi Powerball, n'kusiya ntchito ponamizira kuti akukachitidwa opaleshoni ya phazi. Anzake atatulukira, iye anati tikiti yowinayo anagula ndi ndalama zake. Mlandu unatha mu 2012, khoti litalamula kuti agawane ndi anzake asanu.

Ndiye chitani monga timachitira ku banki m'khonde. Lembani mayina a onse amene apereka, ndalama zake, ndi tsiku la mayere, aliyense asaine. Gwirizanani za amene sanapereke mlungu umenewo: ali mkati kapena ayi? Wogulayo ajambule matikiti onse n'kutumizira gulu mayere asanachitike, osati m'mawa mwake. Ngati akufuna kugulanso yakeyake, anene poyera ndipo aonetse manambala ake nthawi yomweyo. Gwirizananinso za timphoto ting'onoting'ono, ngati mugawana kapena muguliranso matikiti.

Chachisanu ndi chiwiri: kukalandira

Mphoto yosafika madola 600 m'masteti ambiri mumalandirira kusitolo yogulitsa matikiti, ngati ali ndi ndalama m'kabati. Yoposa pamenepo imafuna fomu, chiphaso chokhala ndi chithunzi ndi nambala ya Social Security, ija boma limakudziwirani pa za ntchito ndi misonkho, ndipo mumapita ku ofesi ya lotale kapena kutumiza pa positi. Jakipoti imafuna kulikulu, inu mwini. Amene mapepala ake okhalira m'dziko sali bwino aonane kaye ndi loya wa nkhani zimenezo asanaponde ku ofesi iliyonse.

Nthawi ili ndi malire, kuyambira masiku 90 mpaka chaka chimodzi kutengera steti. Ku Indiana ndi ku Florida ndi masiku 180, ku New York ndi chaka. Tsiku likadutsa palibe pepani. Mu 2011 tikiti ya madola 77 miliyoni inagulidwa ku Tallapoosa, Georgia, ndipo mwini wake sanaonekere mpaka nthawi inatha.

Ikakhala ndalama yaikulu, kuona maso a nkhono n'kudekha. Ikani tikiti pamalo otetezeka, pitirizani kupita kuntchito, ndipo mlomo ukhale wotseka. Pezani loya ndi katswiri wa misonkho amene simunawapeze kudzera mwa msuweni. Funso loyamba kwa loyayo likhale la dzina lanu. Ku Delaware, Kansas ndi Maryland wowina akhoza kubisa dzina. Ku California dzina limalengezedwa. Masteti ena amalola kulandira kudzera mu trust, bungwe lokhazikitsidwa mwalamulo losunga chuma m'malo mwa munthu, ndipo apa pali msampha. Mayi wina wa ku New Hampshire amene anawina pafupifupi madola 560 miliyoni mu Januwale 2018 anasaina dzina lake kumbuyo kwa tikiti monga amalangizira, kenako n'kumva kuti akanalemba dzina la trust akanabisika mosavuta. Anachita kupita kukhoti, ndipo mu Malichi chaka chomwecho woweruza anamulola kusatchulidwa. Maganizo anga ndi akuti kusaina kumakhalabe kwanzeru, chifukwa kutaya tikiti yosasainidwa n'koopsa kuposa kutchuka. Koma werengani lamulo la steti yanu lero, pamene mutu uli m'malo, kuti mudziwiretu cholemba pamzere umenewo. Kwa ife dzina likangotuluka, ndi mudzi wonse ndi mpingo womwe umene wawina. Walira mvula walira matope.

Chachisanu ndi chitatu: nambala ya pachikwangwani si imene mumalandira

Wowina jakipoti amasankha pakati pa njira ziwiri. Yoyamba ndi kulandira pang'onopang'ono: magawo 30 pa zaka 29, loyamba nthawi yomweyo, ndipo gawo lililonse limakula ndi 5 peresenti kuposa la chaka chatha. Nambala yaikulu imene mumaiona pamsewu ndi magawo onsewa ataphatikizidwa. Mukamwalira zisanathe, zotsala zimapita ku chuma chanu chamasiye. Njira yachiwiri ndi kutenga zonse kamodzi, ndipo apa mumalandira ndalama imene ilipodi m'thumba tsiku limenelo, kawirikawiri pafupifupi theka. M'masteti ambiri mumakhala ndi masiku 60 oti musankhe, ndipo mukasankha simubwerera.

Kenako msonkho. Pa mphoto yoposa madola 5,000, boma lalikulu limadulirapo 24 peresenti musanaigwire. Kwa mlendo wosakhala nzika kapena wokhazikika ndi 30 peresenti. Ambiri amayesa kuti zathera pomwepo, koma msonkho wa olandira ndalama zambiri umafika 37 peresenti, ndiye chotsalacho bungwe la misonkho la boma lalikulu, la IRS, limachifuna polemba mafomu a msonkho chaka chotsatira. Steti nayo imadya, kupatula monga Florida, Texas ndi Tennessee kumene kulibe msonkho wa malipiro, ndi California imene sidula mphoto za lotale yake. Jakipoti yaikulu kwambiri ya Powerball, ya madola 2.04 biliyoni mu Novembala 2022, inagwera tikiti yogulidwa ku Altadena, California. Mwini wake anatenga kamodzi: madola 997.6 miliyoni. Muchotsepo 37 peresenti, patsala pafupifupi 628 miliyoni. Ndi chuma chosaneneka, inde, koma sichifika gawo limodzi mwa magawo atatu a nambala imene dziko lonse linkaimba. Ngongole zina za boma, monga msonkho wakale kapena ndalama zosamalira ana zimene khoti linalamula, nazo zimadulidwa musanalandire.

Anthu ambiri amathamangira kutenga kamodzi. Ine ndikanakhala ndi vuto lokomali ndikanaganiza mofatsa za magawo 30 aja. Munthu amene sanagwirepo madola 50,000 nthawi imodzi akhoza kulakwitsa chaka choyamba, ndipo n'kwabwino kudziwa kuti chaka chamawa kukubwera ina.

Ngati mwayamba kubisira akunyumba malisiti, kubwereka ndalama yogulira matikiti, kapena kugula ambiri pofuna kubweza zimene munaluza, imeneyo ndi juga yagwira mizu. Imbani 1-800-GAMBLER, ndi yaulere ndipo safalitsa za inu.

Kwa a kumudzi amene mumati tikugulireni

Tikiti siitumizidwa pa positi kunja kwa dziko. Malamulo a America amaletsa. Wachibale akakugulirani, tikitiyo imakhala m'manja mwake, ndipo lotale imadziwa amene waibweretsa ndi kusaina, osati amene anatumiza uthenga wa mawu pa WhatsApp. Ngati mukufunadi, gwirizanani polemba za kagawidwe musanagule, ndipo akutumizireni manambala mayere asanachitike.

Koma chimene chikudya anthu kwathu si tikiti yeniyeni. Ndi uthenga uja umabwera pa foni kapena pa Facebook wonena kuti nambala yanu yasankhidwa pa Powerball, kapena kuti wowina wina wachifundo akugawa chuma chake ndipo dzina lanu lili pa mndandanda. Powerball sichita mayere a manambala a foni kapena ma imelo, ndipo amene sanagule tikiti sangawine. Lotale ya steti siitanitsa ndalama yoti mutsegulire mphoto. Msonkho imadula yokha pa ndalama zimene mwawina. Azakhali anga anandiimbira tsiku lina m'mamawa, mawu akunjenjemera, akuti awina madola 850,000 ndipo pakungofunika kandalama ka fomu pa foni dzuwa lisanalowe. Ndinawafunsa kuti, "Azakhali, tikitiyo munagula kuti?" Panadutsa kanthawi ali chete, kenako anati, "Iii, mwanawe, nanga ine ku America ndinapitako liti?"